Mita inkati madigiri 150, koma waya wa solder unasungunuka: lipoti la kapisozi yathu yophunzitsira ku Chipata

Lipoti ili ndalembera anzanga a ntchito ya zida zoyezera kutentha, komanso aphunzitsi a sayansi kuno kummawa amene akhala akundifunsa kuti chipangizo chathu chija chinavuta pati. Ndineneretu kuti munalibemo yuraniyamu kapena china chilichonse chotulutsa cheza choopsa. Chimene tinapanga ndi chitsanzo chabe cha kapisozi, paipi yachitsulo yotseka imene amayeseramo mafuta a nyukiliya, ndipo moto wake unali wa hita yamagetsi. Koma vuto limene tinakumana nalo ndi lomwelo limene limasowetsa tulo akatswiri a mariyakita enieni (riyakita ndi ng'anjo ya nyukiliya), n'chifukwa chake ndaona kuti ndi bwino kulilemba lonse, kuphatikizapo pamene ndinalakwitsa ine mwini.

Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi kukonza zoyezera kutentha za m'mafiriji a katemera, m'mabalani a fodya ndi m'makina a m'mafakitale. Zaka zapitazo ndinakhalako miyezi ingapo pa riyakita ina yofufuzira kunja kwa dziko lino, m'gulu la anthu osamalira zida. Zambia ilibe riyakita. Mu 2018 boma linasainirana pangano ndi Rosatom, kampani ya nyukiliya ya boma la Russia, loti amange malo ofufuzira za nyukiliya ku Chongwe, okhala ndi riyakita ya mamegawati 10, koma sanamangidwe. Yotiyandikira imene ikugwira ntchito ndi SAFARI-1 ya ku Pelindaba, South Africa, ya mamegawati 20, imene inayamba mu 1965. Ana a sukulu anamva za Chongwe pawailesi, ndiye mphunzitsi wina wa physics, mnzanga wa kalekale, anandipempha kuti ndiwaonetse kanthu kogwirika m'malo mongowalankhulira.

Chimene tinkatsanzira

Mawu oti mafuta amasocheretsa. Mafuta a nyukiliya si amadzimadzi ngati dizilo. M'mariyakita ambiri opanga magetsi amakhala timibulu touma ta uranium dioxide, tooneka ngati tizidutswa ta choko takuda, pafupifupi mamilimita 8 m'mimba mwake, tosanjikizana m'paipi yopyapyala ya zirconium. Kambulu kameneka sikadutsitsa bwino kutentha. Pakati pake pamapitirira madigiri 1,000 pamene kunja kwa paipi, mtunda wosakwana theka la sentimita, pali madigiri 300 ndi kanthu. Kamasungunuka cha pa madigiri 2,850. Mtundu watsopano wa mafuta usanaloledwe m'riyakita yaikulu, amayamba auika m'kapisozi n'kuulowetsa m'riyakita yofufuzira kwa miyezi kapena zaka, kuti aone mmene ukufufumira, mmene ukung'alukira ndi kuchuluka kwa gasi amene ukutulutsa. Zonsezi zimadalira kutentha. Mukalakwitsa kutentha ndi madigiri 100, zotsatira za zaka zitatu zimayankha funso limene simunafunse.

Vuto lake nali. Kunyumba mphika ukatentha kwambiri mumaphula nkhuni imodzi. M'riyakita yofufuzira simungatero, chifukwa moto ndi umodzi ndipo pali miphika ya anthu ambiri. Wina akuyesa zitsulo, wina akupanga mankhwala a kuchipatala, ndipo palibe amene angachepetse mphamvu ya riyakita yonse chifukwa cha kapisozi yanu yokha. Kuwonjezera apo, kapisoziyo imadzitenthetsa yokha m'njira ziwiri: mafutawo akamasweka, ndiponso cheza cha gamma chikamalowa m'zitsulo zake. Ndiye popeza moto simungaukhudze, mumalamulira njira imene kutentha kumathawira.

Njirayo ndi kampata kakang'ono, kosakwana milimita imodzi, pakati pa chonyamulira mafuta ndi khoma la kapisozi limene likukhudza madzi ozizira. M'kampatamo mumadutsa gasi. Helium amadutsitsa kutentha katatu kuposa neon, pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa mpweya wamba, ndipo kasanu ndi katatu kuposa argon. Mukachulukitsa helium, kutentha kumathawira m'madzi ndipo mafuta amazizirako. Mukachulukitsa neon kapena argon, zimakhala ngati mwawafunditsa bulangeti. Pa Advanced Test Reactor ya ku Idaho, America, ya mamegawati 250, umu ndi mmene anasungira kutentha pa ntchito yotchedwa AGR-1 kuyambira Disembala 2006 mpaka Novembala 2009. Anali ndi makapisozi 6, iliyonse ndi msanganizo wakewake wa helium ndi neon, ndipo mkati munali tinjere ta mafuta a nyukiliya totchedwa TRISO pafupifupi 300,000, kalikonse kochepera njere ya mpiru, totentha kupitirira madigiri 1,000. Amakonda neon chifukwa argon akamenyedwa ndi manyutironi, tizinthu tosaoneka ndi maso timene timauluka yuraniyamu ikamasweka, amasanduka argon-41, amene amatulutsa gamma wamphamvu ndipo amatenga mphindi pafupifupi 110 kuti theka lake lithe, pamene neon-23 amangotenga masekondi 37. Ife tinalibe manyutironi, choncho argon wa owotcherera anatikwanira.

Chipangizo chathu

Pakati panali mtanda wachitsulo wa mamilimita 16 m'mimba mwake ndi masentimita 20 m'litali, woboola pakati kuti mulowe hita ya mawati 100. Umenewu ndiwo unali mafuta athu. Tinaulowetsa m'paipi yotseka kunsi, ya mamilimita 17 mkati, kotero kuti mpata unali theka la milimita kuzungulira konse. Anatisemera ndi bambo wina wa lathe cha ku Kapata. Nditamuuza muyezo anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Akulu, theka la milimita mukuliona ndi maso ati? Bwanji ndingokusiyirani mamilimita awiri kuti chizilowa bwino?"

Ndinamufotokozera kuti mpatawo ndiwo mwini nkhani, ndipo akaukulitsa ndiye kuti watipangira china. Anabwereza kawiri mpaka unakwana, ndipo ntchito yake inalibe chilema. Kuti mtanda usatsamire mbali imodzi tinaika timawaya titatu topyapyala kumtunda ndi titatu kumunsi.

Paipiyo tinaimiza m'dilamu la malita 200 lodzaza madzi, muli kapampu kotakasa, monga mmene mariyakita ambiri ofufuzira amakhalira pansi pa dziwe. Mawati 100 amakweza madzi ochuluka chotero ndi digiri yosakwana theka pa ola, ndiye kwa ife madziwo anali ngati sasintha. Argon tinabwereka silinda kwa owotcherera, helium tinagula kwa opopa mabaluni a paukwati. Gasi aliyense ankadutsa pa valavu yake, kenako m'kabotolo ka mafuta ophikira, ndipo tinkadziwa kuchuluka kwake powerenga thovu pa masekondi 15. Ndi njira yaumphawi koma imagwira. Silinda tinaimangirira kukhoma ndi tcheni, mawindo anali otsekula nthawi zonse chifukwa argon alibe fungo ndipo amakhazikika pansi, komanso hita inali pa chodulira magetsi chimene chimazima chokha magetsi akadutsira m'madzi.

Choyezera chinali thermocouple imodzi ya mtundu wa K, yolowa m'kabowo ka masentimita 8 m'mbali mwa mtanda. Thermocouple ndi mawaya awiri a zitsulo zosiyana olumikizana kunsonga. Nsongayo ikatentha kuposa kumene mawaya athera, pamabadwa timagetsi tochepa, pafupifupi mamaikulovoti 41 pa digiri iliyonse, ndipo mita imatisandutsa nambala. Musaiwale mawu akuti kuposa kumene mawaya athera, tidzawabwerera.

Ndinaboolanso kabowo kena kachiwiri n'kuikamo tizidutswa tiwiri ta waya wa solder, uja timasungunula polumikiza mawaya, kena ka mtundu wa 63/37 kamene kamasungunuka pa madigiri 183, kena kopanda mtovu, ka tin ndi kopa, kamene kamasungunuka pa 227. Ndinatero pofuna kungoonetsa ana kuti m'makapisozi enieni amaikamo timawaya totere ngati mboni yosalankhula. Sindinkaganiza kuti tidzandigwira ineyo.

Masiku oyamba

Unali mwezi wa Okutobala 2024, chaka cha chilala chija madzi atachepa ku Kariba, magetsi akumabwera maola owerengeka. Tinkakumana nthawi imene abwera, ngakhale madzulo. Ana anali asanu ndi awiri, a giredi 11 ndi 12.

Tinayamba ndi kuyesa thermocouple. M'madzi a ayezi inaonetsa 0. M'ketulo yowira inaima pa 96, ndipo mnyamata wina anati nthawi yomweyo, "Amalume, yafa iyi, m'buku analemba 100." Sinafe. Chipata ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo madzi kuno amawira cha pa 96. Ikanaonetsa 100 ndiye ndikanaikayikira. Ndakumanapo ndi anzathu amene amapotoza mita kuti ifike pa 100 m'ketulo ya ku Chipata, n'kupita nayo kukaika m'balani ili yonama kale ndi madigiri anayi.

Pa pepala, madzi ali pa 26, tinkayembekezera madigiri pafupifupi 60 ndi helium yekha, ndi pafupifupi 220 ndi argon yekha. Helium anatipatsa 77. Tinatsuka mpata kwa mphindi 20, osasintha. Tinaona kuti gasi wa mabaluni si helium yekhayekha, ogulitsa ena amasakanizamo mpweya wamba, ndipo pang'ono pokha pamakwana kugwetsa mphamvu yake. Sitinalimbane nazo, tinangolemba kuti pansi pathu ndi 77. Argon yekha sitinamuyese mpaka pamapeto pake. Atafika pa 170 akukwerabe ndinatseka, poopa kusungunula solder uja tsiku loyamba lomwe. Kumeneku kunali kulakwitsa kwanga koyamba, chifukwa tinatsala osadziwa denga lenileni la chipangizo chathu.

China chimene tinaphunzira msanga ndi cha magetsi. Madzulo anthu akayatsa mbaula zamagetsi, mavoti ankatsika kuchoka pa 230 kufika cha pa 205. Kutsika kumeneku kukuoneka kochepa, koma mphamvu ya hita imatsika mowirikiza, ndipo mawati 100 ankasanduka 79. Kutentha kunkagwa popanda wokhudza valavu. Tinaika kamita ka mawati pa pulagi ndipo tinagwirizana kuti nambala yake izilembedwa pambali pa nambala ya kutentha nthawi zonse.

Tinaonanso kuti chipangizo chimachedwa kukwera koma chimafulumira kutsika. Ndi argon wambiri pankapita mphindi 15 kapena 20 kuti nambala ikhazikike. Tikatsekula helium yekha, mphindi zitatu kapena zinayi zinkakwana. N'chifukwa chake m'mariyakita enieni, alamu ya kutentha ikalira, makina amangothira helium yekhayekha m'kapisozi osadikira munthu. Pofika sabata yachiwiri ana anali atazolowera. Kuti mtanda ukhale pa madigiri 150 pankafunika thovu limodzi la helium pa thovu atatu a argon, ndipo ankatha kuusunga pamenepo ola lathunthu osaphonya ndi madigiri oposa anayi.

Tsiku limene zinasokonekera

Loweruka lina tinayembekezera alendo, aphunzitsi a masukulu ena, ndiye tinasuntha tebulo la mita kuti anthu aone bwino komanso kuti lisanyowe. Waya wa thermocouple unaperewera. Magetsi anali atabwera kale, nthawi ikutha, ndiye ndinatenga waya wamba wa kopa wamamita awiri n'kulumikiza, mfundo yake ndikuisiya itagona pamutu pa kapisozi. Ndikudziwa bwino lomwe kuti K salumikizidwa ndi kopa. Ndinadziuza kuti ndi za lero lokha.

Pa mavalavu panali mtsikana wa giredi 12, wodekha kuposa onse. Anaika msanganizo wa masiku onse. Patatha mphindi 20 mita inaima pa 108. Mawati anali 98. Anachepetsa helium, inakwera kufika 125. Anachepetsanso, 138. Pamapeto anatsekeratu helium, ndipo nambala inakwera pang'onopang'ono n'kukhazikika pa 150 ndendende. Alendo anawomba m'manja. Iye sanasangalale. Anabwera pamene ndinaima n'kunena motsitsa mawu, "Amalume, helium ndatseka yense. Masiku onse sizitero."

Ndinayang'ana mita, ndinaona 150, ndinayang'ana alendo, n'kumuyankha kuti, "Siya choncho mwana wanga, mwina gasi wa lero ndi wina." Yankho limeneli linalibe mutu, chifukwa silinda zinali zomwezo za dzulo. Tinapitiriza kwa mphindi 40. Kenako kunayamba kumveka kafungo ka utomoni wa solder, kamene aliyense wokonza mawailesi amakadziwa. Apo m'pamene ndinatsekula helium, ndinazimitsa hita, n'kuuza alendo kuti chionetsero chathera pomwepo.

Mtanda utazizira tinautulutsa. Kachidutswa ka 63/37 kanali katasanduka kampira kowala pansi pa kabowo. Ka tin ndi kopa kanali chilili, m'mbali mwake mukuonekabe pamene pulayala inadula. Tanthauzo lake linali losakanika: chitsulo chinapitirira madigiri 183 koma sichinafike 227, pa nthawi imene buku lathu likunena 150.

Kufufuza

Ndinakana kukonza chilichonse tsiku limenelo. Munthu ukachita manyazi umafuna kungobwezeretsa zonse msanga, ndipo ukatero umafufuta mapazi a wakuba. Tinajambula zithunzi pafoni mmene zinthu zinalili, n'kudikira Lolemba.

Tinayamba ndi zimene zikanatha kuziziritsadi mtanda. Magetsi sanatsike, buku linaonetsa mawati pakati pa 97 ndi 100 nthawi yonse. Mtanda ukanatsamira n'kukhudza khoma, kutentha kukanathawira pamenepo, koma timawaya tonse tisanu ndi kamodzi tinali m'malo ndipo panalibe chipsera pakhoma. Tinapaka thovu la sopo pa mfundo zonse za mapaipi a gasi, palibe pamene panatupa. Komanso zifukwa zitatu zonsezi zikanapangitsa mtanda kukhala wozizira zenizeni, pamene solder ankanena kuti unali wotentha. Wonama anali woyezera.

Mita yokha inalibe vuto. Thermocouple titaichotsa waya wa kopa inaonetsanso 0 ndi 96. Titabwezera kopa uja, mfundo ili patebulo pafupi ndi mita, inaonetsabe 96, ndipo mnzanga mphunzitsi anati ndiye kuti kopa alibe mlandu. Ndinamupempha kuti afumbate mfundoyo m'dzanja. Nambala inatsika kufika 93 ife tikuona. Titaiviika m'kapu ya madzi ofunda a madigiri 50 inagwa mpaka 78, ketulo ikuwira chimodzimodzi. Apa m'pamene pabwerera mawu aja. Thermocouple imayeza kusiyana kwa nsonga ndi pamene mawaya ake enieni athera. Mita imaganiza kuti athera pa iyo, ndiye imawonjezera kutentha kwa pamalo pake, kumene tsikulo kunali 32. Koma ine ndinawathetsera pamutu pa kapisozi, pamene pamafika cha m'ma 50. Madigiri 18 anasowera pamenepo.

Sanakwane. Panatsala ena ambiri oti tiwapeze. Yankho linali pa chithunzi cha mtsikana uja. Pa tsiku loyamba ndinaika kachizindikiro ka penti yofiira pa thermocouple, polekezera kabowo. Pachithunzipo pentiyo inali pamwamba, kutali ndi kabowo ngati utali wa chala. Titayeza tinapeza masentimita 6. Posuntha tebulo waya unakokeka, ndipo nsonga, m'malo mokhala pansi pa kabowo pakati pa mtanda, inatsala masentimita awiri okha kuchokera kumtunda, kumene hita sifika bwino. Sinalinso yokanikizika kuchitsulo, inkangolendewera m'gasi, ndipo chikopa chake chachitsulo chinkakokera kutentha kunja. Inkanena zoona za pamalo pamene inali. Ife ndi amene tinkaganiza kuti ili pena.

Kuti titsimikize, tinabwereza zonse mwadala, ulendo uno ndi thermocouple yachiwiri m'kabowo ka solder. Argon yekha, mawati 99: yachiwiri inaonetsa 214. Yoyamba, itakokedwa masentimita 6 koma yopanda kopa, inaonetsa 167. Titawonjezera kopa, mfundo ili pamutu, 149. Nkhani inathera pamenepo. Madigiri 47 anapita ndi kukokeka, 18 ndi kopa, ndipo zonse ziwiri zinakokera mbali imodzi, mbali yoipa, yomuuza woyendetsa kuti awonjezere moto.

Chimene chimandipweteka si waya wa kopa. Ndi choti chizindikiro chinalipo poyera ndipo mwana anachiona. Valavu ndi choyezera nayonso. Ngati dzulo madigiri 150 ankafuna thovu limodzi pa atatu, lero akufuna argon yekha, mawati ndi madzi zili chimodzimodzi, ndiye kuti mboni ziwiri zikutsutsana ndipo mlandu sungagamulidwe pomvera imodzi chifukwa choti ili ndi manambala owala. Ndikanakhala kuti ndinayesa denga tsiku loyamba, bwenzi ndikudziwa kuti argon yekha ndi 214, ndipo 150 ikanandidzidzimutsa pomwepo.

Kumene zimachitika zenizeni

M'riyakita palibe mwana wokoka waya, koma zoyezera zimanama m'njira zina zoipa kuposa zathu, chifukwa simungatulutse kapisozi Lolemba kuti muione. Mtundu wa K ukakhala nthawi yaitali pamwamba pa madigiri 1,000 umayamba kusokera. Pakati penipeni pa mafuta amagwiritsa ntchito mawaya a tungsten ndi rhenium amene amapirira moto woposa pamenepo, koma manyutironi amasandutsa tungsten kukhala rhenium, rhenium kukhala osmium. Wayayo amasintha mtundu ali mkati momwemo, ndipo nambala imatsika mwezi ndi mwezi ngakhale kutentha kusanasinthe. Riyakita ya Halden ku Norway, imene inali m'phanga la mwala ndipo inagwira ntchito kuyambira 1959 mpaka 2018, inatchuka ndi kuyeza kutentha kwa pakati pa mafuta kwa zaka zambiri, ndipo manambala a mawaya amenewa ankayenera kukonzedwa molingana ndi manyutironi amene wayayo walandira. Ku Idaho anafika popanga mtundu wina wa molybdenum ndi niobium, zitsulo zimene sizimeza manyutironi kwambiri. Pa AGR-1 paja, ma thermocouple ambiri anafa ntchito isanathe, ndipo akatswiri anadalira otsalawo pamodzi ndi masamu a pakompyuta.

Nawo mpata sukhala chimodzimodzi. Graphite, chinthu chakuda chonga cha m'pensulo chimene amanyamulira mafuta m'makapisozi ena, imanyala ikamenyedwa ndi manyutironi, mafuta amafufuma, zitsulo zimakula zikatentha. Ngakhale mtanda wathu, pa madigiri 200, unkadya mpata ndi mamilimita pafupifupi 0.02, gawo limodzi mwa 25. M'paipi ya mafuta enieni muli vuto linanso: pamene yuraniyamu ikusweka pamabadwa xenon ndi krypton, ndipo xenon amadutsitsa kutentha mochepera helium kuposa ka 25. Akalowa mumpata mafuta amatentha, akatentha amatulutsa gasi wambiri, gasiyo n'kuwatenthetsanso. Komanso yuraniyamu ikamatha moto umachepa, ndiye msanganizo umayenera kusunthidwa pang'onopang'ono kupita ku neon. Choncho kusuntha kwa valavu kumayembekezeka, koma pa liwiro limene linawerengedwa kale. Kukapitirira pamenepo, woyendetsa wabwino amayamba wafunsa asanapotoze.

Ana ndinawasimbira za Windscale ku England, mu Okutobala 1957. Iyo sinali riyakita yofufuzira, koma nkhani yake ndi ya banja lomweli. Ankatenthetsa graphite mwadala kuti itulutse mphamvu imene inasunga. Chimodzi mwa zimene zinadziwika pambuyo pake n'choti ma thermocouple anaikidwa poyenera ntchito ya masiku onse, osati pamene pankatentha kwambiri pa ntchito ya tsikulo. Oyendetsa anaona ngati kutentha kukutsika, anawonjezera moto kachiwiri, ndipo mafuta anayaka. Mkaka wa m'mafamu a dera la masikweya kilomita pafupifupi 500 unatayidwa chifukwa cha iodine-131, wotulutsa cheza choopsa. Mtsikana uja anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati kumenekonso kunali wina amene ananena kuti masiku onse sizitero. Mnzanga mphunzitsi anaseka mpaka kutsamira khoma. Ine ndinangoti funso labwino.

Zimene tasintha

Tsopano muli ma thermocouple awiri, m'mabowo osiyana, pa mamita osiyana, onse omangidwa ndi kanati pamutu pa kapisozi kuti asakokeke. Akasiyana ndi madigiri oposa asanu timatsekula helium kaye, zokambirana pambuyo. Waya wowonjezera ndi wa K weniweni, ndinachita kuitanitsa ku Lusaka. Kuyesa kwa ayezi ndi ketulo timakuchita ndi waya yense mmene adzagwirire ntchito, kuyambira nsonga mpaka mita, ndipo aliyense akasuntha tebulo timayambiranso.

Chachikulu ndi tchati chimene tamata pakhoma. Tinayeza misanganizo isanu, kuyambira helium yekha pa 77 mpaka argon yekha pa 214, pa mawati 100 ndi pa mawati 80, n'kujambula mizere iwiri. Woyendetsa asanakhudze valavu amayamba wanena mokweza nambala imene tchati chikulonjeza, kenako n'kuona ngati mita ikuvomereza. M'buku tawonjezera danga la kutentha koyembekezeka pambali pa kutentha koyezedwa. Ndipo tinagwirizana pamaso pa onse kuti amene ali pa mavalavu ali ndi mphamvu yoimitsa ntchito popanda kupempha, kaya pali alendo kaya ine ndikukana.

Solder timaika watsopano ulendo uliwonse, ndipo ndawonjezera kachidutswa kachitatu ka tin ndi bismuth kamene kamasungunuka pa madigiri 138, kuti tikamasunga 150 tizipeza kamodzi kosungunuka ndi tiwiri tathunthu. Pa maulendo asanu ndi limodzi amene tachita kuchokera pamenepo, zatuluka choncho nthawi zonse.

Chatsala ndi helium. Wa mabaluni uja akutipatsabe 77 m'malo mwa 60, ndipo silinda yachiwiri imene tinagula inapereka 81, kutanthauza kuti tchati chiyenera kujambulidwanso tikasintha silinda. Ndalembera ogulitsa gasi wa m'mafakitale kufunsa mtengo wa silinda yaing'ono ya helium woyera. Mlimi wina wa fodya wa ku Chipangali amene anaona chionetsero chachiwiri wandipempha kuti ndikamuikire choyezera china kuseri kwa balani yake, kutali ndi ng'anjo, ndipo ndipitako sabata ya mawa mvula ikapanda kuwononga msewu.